Bedi la masipuling'i: zomwe ndinaona nditayamba reformer Pilates

Msana wanga unayamba kuvuta nditabereka mwana wachitatu, amene anabadwa pa opareshoni. Sunali ululu wogwetsa munthu pansi ayi. Unali wa m'chiuno, umene umangokhala phee n'kumakukumbutsa kuti ulipo ukamadzuka pampando, ukamawerama kuti utole sopo m'bafa, kapena ukamatsika minibasi utakhala pa kampando kopinda kaja kuchokera ku Area 25 mpaka m'tauni muno mu Lilongwe. Ntchito yanga ndi ya maakaunti ku City Centre, ndiye tsiku lonse ndimakhala pakompyuta. Kumapeto kwa mwezi ngakhale nkhomaliro ndimadyera pomwepo.

Ndinkachita zimene ambirife timachita. Panado, bulufeni, zikafika povuta indosidi. Apongozi anga ankati ndi mphepo imene inalowa nthawi ya uchembere. Anzanga akuntchito ankati vuto ndi matiresi. Matiresi tinasintha, msana osasintha. Amene anandikankhira kuchipatala ndi mng'ono wanga, yemwe ndi namwino. Anapeza mapepala a mankhwala m'chikwama changa n'kunena kuti, "Achemwali, mankhwala awa mukamamwa tsiku ndi tsiku amaononga m'mimba ndi impso. Kapimitseni kaye, mudziwe chimene mukulimbana nacho."

Mayi wa mafizo amene anandiona sanathamangire kundigwira msana. Anayamba ndi mafunso. Kodi miyendo imachita dzanzi kapena kufooka? Nanga pakati pa ntchafu ndi kumaliseche pamachita dzanzi? Kodi mkodzo ndi chimbudzi zimavuta kutuluka, kapena zimatuluka zokha osazimva? Mukuonda osadziwa chifukwa? Mumatuluka thukuta usiku, thupi limatentha? Munagwapo kapena kuchita ngozi? Mafunso amenewa ndawalemba onse dala, chifukwa ngati mungayankhe kuti inde pa limodzi mwa iwo, nkhani ya masewera olimbitsa thupi muyiike kaye pambali, mupite kuchipatala msanga. Kuno kwathu TB imatha kulowa m'mafupa a msana, ndipo imeneyo siichoka ndi mafizo. Ku Kamuzu Central kuli madokotala a mafupa komanso dipatimenti ya mafizo, ndipo zipatala zina zolipira mumzinda muno zili nawo akatswiriwa.

Ine mayankho anga onse anali ayi. Anandiuza kuti wanga ndi msana wa anthu ambiri, umene supezeka ndi matenda enieni oti n'kuwaloza ndi chala. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwa anthu khumi odandaula msana, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala a mtundu umenewu, ndipo mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa msana wa m'munsi. Anandipatsa mafizo oti ndizichita kunyumba. Ndinkachita, koma sindinkadziwa ngati ndikuchita molondola, poti amati "limbitsani m'mimba" ine n'kumangogwira mpweya. Nditabwerera n'kumufotokozera, anati, "Mayi, ngati thumba lingalole, kayeseni reformer ngakhale kwa kanthawi. Makina aja amaonetsa munthu pamene akubera."

Kunena zoona, ine ndinkaona ngati Pilates, masewera olimbitsa thupi amene amachitidwa pansi kapena pa makina otchedwa reformer, ndi za azungu ndi amayi a ku Area 10 amene alibe chochita m'mawa. Malo amene anandilozera ndi chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba, choyera bwino, chokhala ndi galasi lalikulu kukhoma ndi makina ochepa. Nditawaona makinawo mtima unagunda, chifukwa ali ndi zingwe ndi malamba, ndipo munthu amene anagonapo m'chipatala sakonda kuona bedi la zingwe.

Makinawo ndi chimango cha matabwa kapena chitsulo, chotalika kupitirira mamita awiri, chopapatiza kuposa bedi la munthu mmodzi. Pamwamba pake pali kabedi ka siponji yolimba kamene kamayenda pa timawilo, kupita kumutu n'kubwerera kumiyendo. Kabediko kamakokedwa ndi masipuling'i anayi kapena asanu, ndipo mphunzitsi amakola ena n'kumasula ena malinga ndi chimene mukuchita. Kumiyendo kuli chitsulo chopingasa chopondapo. Kumutu kuli potsamira, timitsamiro tiwiri tolimba totchinga mapewa kuti musatsetsereke, ndi zingwe ziwiri zokhala ndi malamba olowetsamo manja kapena mapazi. Palibe batani, palibe waya. Magetsi akazima kalasi imapitirira.

Aphunzitsi anali mtsikana wocheperapo kwa ine, wolankhula motsitsa. Asanandigoneke anandifunsa za opareshoni, za BP, za mankhwala amene ndimamwa, ndi zimene a mafizo anapeza. Kenako anandiuza kuti ndigone chagada, mapewa agunde timitsamiro tija, zidendene zikhale pachitsulo.

"Kankhani, muwongole miyendo."

Ndinakankha. Kabedi kanayenda bwinobwino, ine mumtima n'kumati ndalama zanga zapita pachabe. Nditapinda mawondo, masipuling'i anandikoka ndipo kabedi kanamenya chimango kuti gu!

"Mayi, kukankha aliyense amakankha," anatero aphunzitsiwo. "Ntchito ili pobwerera. Bwererani ngati mwana wagona pansi pa makinawa. Sindikufuna kumva phokoso."

Apa ndi pamene ndinamvetsa kusiyana kwa makina amenewa ndi zitsulo za ku jimu. Chitsulo chimalemera chimodzimodzi kuyambira pochinyamula mpaka pochitula. Sipuling'i imalimba pamene ukuitambasula, ndipo ukatha kukankha imafuna kukubweza mwamphamvu. Iwe uyenera kuikaniza, kuilola kuti ibwerere pang'onopang'ono pa liwiro limene wasankha. Mnofu umagwira ntchito uku ukutalika, ndipo ndi ntchito yomweyo imene umagwira ukamatsika masitepe kapena ukamatula ndowa ya madzi pansi. Nditayesa kubwerera mwakachetechete, ntchafu zinayamba kunjenjemera ndisanafike n'komwe pa ulendo wakhumi.

Aphunzitsi anaima kumapazi kwanga n'kumangoyang'ana. Patapita kanthawi anati, "Mwendo wanu wamanzere ukubera. Wamanja ndi umene ukulima munda wonse." Ndinatsutsa, poti ine ndinkamva ngati ndikukankha mofanana. Anamasula sipuling'i imodzi, n'kundiuza kuti ndikweze mwendo wamanzere m'mwamba ndikankhe ndi wamanja wokha. Zinatheka. Titasintha, bondo lamanzere linagwera mkati, chiuno chinapendekeka, kabedi n'kumayenda modukizadukiza. Ndinayang'ana pagalasi ndipo ndinadzionera ndekha. Ana anga onse ndinkawakhazika pachiuno cha kumanzere ndikamatakasa mphika ndi dzanja lamanja, chikwama ndimakoleka phewa limodzi lomwelo, ndipo paofesi ndimakhala nditapinda mwendo umodzi pansi pampando. Thupi linali litapeza njira zake zachidule, ndipo pansi pamkeka kunyumba palibe chimene chinkandiulula. Pa kabedi koyenda chinyengo chilichonse chimaonekera, chifukwa ukapendekeka nakonso kamasintha mayendedwe.

Chinthu chachiwiri chinali kupuma. Ndinali ndi zaka zoposa makumi anayi, koma mtsikana uja anandiphunzitsa kupuma. Anandiuza kuti ndiike manja m'mbali mwa nthiti, ndikoke mpweya ndi mphuno mpaka nthitizo zikankhe manja, mapewa osakwera, kenako nditulutse ndi pakamwa pang'onopang'ono uku mchombo ukulowa pang'ono mkati. Anatsindika mawu akuti pang'ono. Sikuti uzifinya mimba mpaka kulephera kulankhula. Msana nawonso suyenera kukanikizidwa pakabedi kapena kupindika kwambiri. Pansi pa chiuno pazikhala kampata kachibadwa koti zala zingalowe, ndipo kampatako kasasinthe miyendo ikamayenda.

Pofotokoza chifukwa chake, anandifunsa ngati ndinamangidwapo chitenje m'mimba nditabereka. Ndinati inde, pa ana awiri oyambawo mayi anga ankandimanga mpaka kumva ngati ndiduka pakati. Aphunzitsiwo anati Mulungu anatimangirira kale chitenje chotere mkati. Ndi mnofu wa pansi penipeni pa minofu ya pamimba, umene umazungulira chiuno chonse kuchokera kumsana kubwera kutsogolo. Umagwira ntchito limodzi ndi timinofu ting'onoting'ono tolumikiza mafupa a msana, ndi mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo, ndi minofu ya pansi pa chiuno imene imanyamula chikhodzodzo ndi chiberekero. Mimba ikakula, zonsezi zimatambasuka, ndipo zikapanda kuphunzitsidwanso zimachedwa kugwira pamene ukunyamula chinthu.

Pali nkhani imene amayi sitikambirana ngakhale kumvano kapena ku banki mkhonde, ndipo ndiilemba pano. Chiberekereni mwana wachiwiri, ndikayetsemula kapena kuseka kwambiri mkodzo unkadontha pang'ono. Ndinkaona ngati ndi mmene uchembere umakhalira. Nditaulula kwa aphunzitsi mochita manyazi, sanadabwe n'komwe. Anati ndi vuto la amayi ambiri ndipo minofu ya pansi pa chiuno imaphunzitsika. Anandionetsa kuikoka potulutsa mpweya, ngati ukuletsa mpweya woipa kutuluka pagulu, kenako kuimasula kwathunthu, chifukwa kumasulako n'kofunika mofanana ndi kukoka. Kwa ine zimenezi zinasintha msana usanasinthe. Ngati vuto lanu ndi lalikulu, kapena mukumva ngati chinthu chikutsika kunjira ya abambo, yambani mwaonana ndi adokotala kapena a mafizo.

Masabata otsatira anabweretsa zina. Pali ina imene amaitcha hundred. Umagona chagada, malamba ali m'manja, miyendo ili m'mwamba, mutu utadzutsidwa pang'ono, n'kumapopa manja m'mbali mwa thupi, kasanu ukukoka mpweya, kasanu ukutulutsa, maulendo khumi mpaka zikwane zana. Poyamba khosi ndi limene linkapweteka osati pamimba, ndiye anandiuza kuti mutu uzikhala pansi ndipo mawondo ndizipinda. Palibe amene anandiseka. Pali ina yolowetsa mapazi onse awiri m'malamba n'kumazunguza miyendo m'mwamba. Imeneyi ndiye ndinaikonda, chifukwa zingwe zimanyamula kulemera kwa miyendo ndipo chiuno chimamasuka mokoma. Ukapanda kusamala tulo tikhoza kukuba.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi nkhani ya masipuling'i. Ndinkaganiza kuti ukachepetsa masipuling'i ndiye kuti wapeputsa ntchito. Nthawi zina ndi choncho, koma nthawi zina zimatembenuka. Tsiku lina anandiimika, phazi limodzi pachimango, lina pakabedi, n'kusiya sipuling'i imodzi yopepuka. Kutambasula miyendo kunali kosavuta, kabedi kanachita kuthawa kokha. Koma kuti kabwerere, panalibenso chondithandiza, inali ntchito ya minofu ya mkati mwa ntchafu, imene sindinkadziwa kuti ndili nayo. Kutacha ndinatsika masitepe a kuofesi chammbali. Ndi chimodzimodzi ukagwira chitsulo ndi manja, mapazi ali pakabedi, thupi lili tambalale. Masipuling'i ambiri amakunyamula, sipuling'i imodzi imakusiya wekha ndi mimba yako. Choncho musamakole kapena kumasula nokha poyamba, ngakhale mutaona kuti mnzanu wa pambali ali ndi ambiri. Masipuling'iwo amakhala ndi mitundu, ofiira, obiriwira, achikasu ndi ena, koma tanthauzo la mtundu limasiyana malinga ndi kampani imene inapanga makinawo. Wofiira wa kuno akhoza kusiyana ndi wofiira wa kwina.

Bambo a kunyumba ankandiseka. "Ndalama zonsezi kukagona pabedi? Bedi tili nalo kuno." Iwo amasewera mpira ndi anzawo Loweruka lililonse ndipo amadziona ngati akadali mnyamata. Ankati zimenezi ndi za azimayi. Ndinawauza kuti amene anayambitsa anali mwamuna, ndiponso wankhonya.

Joseph Pilates anabadwira ku Germany mu 1883. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba mu 1914 inamupeza ali ku England, ndipo poti anali Mjeremani anamutsekera pamodzi ndi anzake, mpaka anakapezeka kundende ya pachilumba cha Isle of Man. Kumeneko ankaphunzitsa akaidi anzake mafizo. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi yakuti maganizo a masipuling'i anawatenga pa mabedi a odwala. Mu 1926 anafika ku New York, ndipo iye ndi mkazi wake Clara anatsegula malo awo pa Eighth Avenue. Amene anakhamukira kumeneko anali akatswiri ovina, makamaka ovulala, otumizidwa ndi akuluakulu a magule monga George Balanchine ndi Martha Graham. N'chifukwa chake mpaka lero anthu amaona ngati ndi za atsikana oonda ovina ndi zala za kumapazi. Mwiniwakeyo njira yakeyi ankaitcha Contrology, ndipo anamwalira mu 1967 ali ndi zaka 83.

Pamapeto pake bambowo anabwera kudzayesa, ati kudzaona kumene ndalama zikupita. Zokankha ndi miyendo anachita modzitama. Kenako aphunzitsi anati, "Bambo, pondani pachitsulo, mukweze matako m'mwamba, koma kabedi kasayende." Atangokweza, kabedi kanathawa, mnofu wa kuseri kwa ntchafu unakokana, iwo n'kukuwa kuti "Mayo ine!" Tinaseka tonse. Pobwerera m'galimoto anangoti, "Mtsikana uja ndi wankhanza," ndipo nkhani ya bedi sanaiyambenso.

Tsopano ndinene zimene sizinachitike, chifukwa anzanga awiri analowa poona ine ndipo anasiya atakhumudwa. Iwo ankafuna kuphwetsa mimba ukwati wa mnzathu usanafike. Sikelo yanga siinasunthe kwenikweni. Masiketi anayamba kukhala bwino m'chiuno, koma chifukwa chake n'chakuti ndinayamba kuima mowongoka, osati mafuta anasungunuka. Palibe sewero limene limachotsa mafuta pamalo amodzi amene wasankha, ndipo mtanda wa nsima ukakhala womwewo, fanta n'kumamwa tsiku lililonse, kabedi ka masipuling'i sikangachite zozizwitsa. Komanso kalasi ya oyamba kumene siithamangitsa mtima kwambiri. A WHO amalangiza kuti munthu wamkulu azichita zinthu zothamangitsa mtima, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu. Reformer imagwera m'gawo lachiwirilo. Gawo loyambalo ndimalikwaniritsa potsika minibasi siteji isanakwane n'kuyenda wapansi, ngakhale kuti mu Okutobala fumbi ndi dzuwa zimayesa munthu chikhulupiriro.

Ngakhale pa nkhani ya msana, sindikufuna kukokomeza. Mu 2015 gulu la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaunika zimene zinapezeka pa Pilates ndi ululu wa msana. Linapeza kuti Pilates imathandiza kuposa kungokhala osachita kanthu, koma panalibe umboni wokwanira woti imaposa mafizo a mitundu ina. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndinaona ine. Chimene chinandithandiza si chitsulo kapena siponji. Ndi maso a munthu amene ankaima pafupi n'kumati "phewa latsika", "mwagwira mpweya", "bondo lagwera mkati", ndi makina amene sankalola kuti ndimunamize. Ululu unayamba kuchepa mwezi wachiwiri uli mkati, ndipo sunathe tsiku limodzi. Ndinangozindikira kuti ndachapa zovala za ana osaima pakati kuti ndigwire chiuno.

Poti chofunika ndi mphunzitsi, musachite manyazi kumufunsa mafunso. Mu 2000 khoti lina ku New York linagamula kuti dzina loti Pilates si la kampani imodzi, aliyense akhoza kuligwiritsa ntchito. Zotsatira zake n'zakuti amene anaphunzira maola mazanamazana ndi amene anaonera mavidiyo pa YouTube sabata yatha, onse amalemba dzina lomwelo pachikwangwani. Mufunseni kuti anaphunzira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati anaphunzira za makinawa kapena za pansi zokha. Koma mayeso enieni ndi tsiku loyamba. Ngati wakugonekani pamakina asanakufunseni za matenda, za mimba kapena za opareshoni, dzukani.

Ndinaona kusiyana kwake nditapita ku Johannesburg ku msonkhano wa ntchito. Pafupi ndi kumene tinkagona panali malo a reformer, makina ndandanda, nyimbo zili pamwamba, mphunzitsi ali ndi maikolofoni kutsogolo akungowerenga manambala. Palibe anandifunsa dzina, ngakhale za msana. Kabedi kalikonse kankamenya chimango, phokoso lokhalokha, ndipo mtsikana wina amene anali pambali panga anatsala pang'ono kugwa ataimirira pa sipuling'i yopepuka. Thukuta ndinatuluka, koma sindinaphunzire kanthu. Kwa munthu woyamba, ndi bwino kulipira maulendo ochepa oti muli nokha ndi mphunzitsi, kapena awiri kapena atatu, kusiyana ndi maulendo ambiri m'chigulu.

Za zovala, ine zinandivuta kaye. Ndinakulira m'banja loti mkazi savala buluku, ndiye taiti inali nkhani. Koma chitenje kapena siketi pamakina paja sizitheka, zimakodwa m'mawilo, komanso miyendo imakwera m'mwamba. Ndimavala taiti yokhuthala ndi tisheti yaitali, zonse za pakaunjika, chitenje pamwamba panjira, n'kukachivula pofika. Malaya asakhale otaya kwambiri, poti mphunzitsi ayenera kuona mmene chiuno ndi nthiti zikuyendera. Nsapato sizilowa. Amafuna masokosi okhala ndi timphira kunsi kuti musaterereke. Ngati mwaluka tsitsi lalitali, limangeni pamwamba pa mutu, chifukwa mfundo ya kunkhongo imalepheretsa kugona bwino, ndipo lolendewera likhoza kukodwa pansi pa kabedi. Mafuta odzola m'manja ndi m'mapazi asiyeni tsiku limenelo. Nsima musadye nthawi itatsala pang'ono, papite maola awiri, apo ayi mudzaimva pakhosi. Mphunzitsi amagwira munthu pamsana kapena pachiuno pokonza kaimidwe, ndipo wabwino amayamba wapempha. Ngati simumasuka kugwidwa kapena kukhala m'kalasi limodzi ndi abambo, nenani poyambirira.

Amayi oyembekezera, funsani kaye kusikelo, ndipo mimba ikakula si bwino kugona chagada nthawi yaitali, choncho pamafunika mphunzitsi wodziwa kusintha masewerawo. Amene mwachitidwa opareshoni dikirani mpaka adokotala avomereze, ngakhale bala litaoneka louma kunja. Odwala BP auze mphunzitsi kuti apewe zozondotsa mutu ndi zogwira mpweya. Achikulire amene mafupa awo anayamba kufooka apewe zopinda msana mwamphamvu. Lamulo limene ndinapatsidwa ine n'losavuta kukumbukira. Kutentha ndi kunjenjemera kwa mnofu, ndiponso kuphwanya kwa thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri, n'zabwinobwino. Ululu wobaya, kapena wotsika ndi mwendo ngati magetsi, ukutanthauza kuti siyani pomwepo ndipo nenani.

Nkhani yaikulu ndi ndalama. Makinawa amachokera kunja, aphunzitsi odziwa ndi ochepa, ndiye mtengo wa ola limodzi umaluma. Ine sindikanakwanitsa kupita kawirikawiri chaka chonse muli sukulu fizi ya ana atatu. Ndinawauza aphunzitsi mosabisa. Tinagwirizana kuti ndiyambe ndi miyezi ingapo yopita sabata iliyonse, kenako ndizipita mwa apo ndi apo kuti azikandikonza pamene ndayambanso kubera, masiku enawo ndizichitira kunyumba. Si zachilendo zimenezi. Pilates mwiniwake m'buku lake la mu 1945 analemba masewera 34, ndipo onsewo ndi ochitira pansi popanda makina.

Kunyumba ndimayala bulangete pamkeka, m'mawa ana asanadzuke, kwa mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri. Ndimayamba ndi kupuma kwa m'nthiti kuja. Kenako ndimapinda mawondo, mapazi ali pansi, n'kukweza chiuno pang'onopang'ono kuyambira kumatako, fupa limodzilimodzi la msana likuchoka pansi, n'kutsikanso chimodzimodzi. Ina ndimakweza miyendo yonse mawondo ali opinda, n'kumatsitsa phazi limodzi kukagunda pansi, kampata ka pansi pa chiuno kosasintha. Yomaliza ndimagwada manja ali pansi, n'kutambasula dzanja lamanja ndi mwendo wamanzere, kenako kusintha, chiuno chosapendekeka. Zimenezi a mafizo anali atandipatsa kale pepala lake poyamba paja. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano thupi likudziwa mmene zimamvekera zikachitika molondola. Ngati reformer simungaikwanitse n'komwe, pemphani wa mafizo akuyang'aneni mukuchita zimenezi ngakhale ulendo umodzi, kapena dzijambuleni pafoni cham'mbali mudzione.

Alamu anga ndi kalipentala ku Mchesi, ndipo nditawaonetsa chithunzi cha makinawo anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Alamu, ichi n'chimango ndi mawilo basi. Mundipatse sabata ziwiri." Ndikudziwa kuti matabwawo akanawakhoma bwino kuposa a kunja. Chimene ndinakanira ndi masipuling'i. Iwo ankati akapeza a m'magalimoto kapena a mabedi akale, koma a reformer amapangidwa ndi mphamvu yoyezedwa, ndipo sipuling'i ikaduka kapena kuvuka munthu ataimirira pakabedi, ngozi yake si yamasewera. Ngakhale enieniwo amatha, ndipo opanga makinawa amalangiza kuwasintha pakapita nthawi. Kulikonse kumene mungapite, suzumirani pansi pa kabedi. Mukaona dzimbiri, sipuling'i yopindika kapena yotanuka malo amodzi, kapena chingwe choyamba kusosoka, funsani musanagonepo. Alamuwo anadandaula kuti ndawanyoza luso, ndiye kuti tigwirizane ndinawapatsa ntchito ina. Anandikhomera kabenchi kopondapo mapazi pansi pa desiki ya kuofesi, ndipo anzanga atatu a m'chipinda chathu aitanitsa kale tawo.